Mtetezi wa Amayi Anali Mwamuna Wanga

1

Mukadamumva pa wailesi mwamuna wanga m'zaka zimenezo, mukadagwada kupempha Mulungu kuti akupatseni wotero. Ambiri anapemphadi. Amayi a kutchalitchi ankandigwira dzanja ndi manja awiri n'kumati, "Amake Sheila, imwe muli na mwayi." Ine ndinkangovomera ndi mutu. Mwayiwo ndinali nawodi. Ndinkauchapira malaya, kuusitira mathalauza, ndi kuuvula nsapato ukabwera utakhuta mowa.

Dzina langa ndine Nelesi. Makolo anga anachokera ku Katete n'kudzakhazikika ku Chongwe ndili wamng'ono. Ndinaphunzira kutayipa ndipo ndinagwirako ntchito mu ofesi ina ku Lusaka, mpaka pamene ndinakwatiwa ndi a Greenwell Chabala. Iwowa anandiuza kuti mkazi wa munthu wolemekezeka sapanikizana ndi anthu m'maminibasi kupita kukatumikira amuna ena. Ntchito ndinasiya.

Maina ndawasintha, ndipo chigawo chimene ankaimira m'Nyumba ya Malamulo sindichitchula, anthu ake anavutika mokwanira. Mungodziwa kuti zinali chapakati pa zaka za m'ma 1990, nthawi imene mkazi aliyense woyankha mwamuna ankanyozedwa kuti ndi wa Beijing, kumene kunachitikira msonkhano waukulu wa ufulu wa amayi. Tinkakhala pa famu yathu pafupi ndi Palabana. A Chabala anali wapampando wa komiti ina yamphamvu ya aphungu, ndipo akaimirira kuti alankhule, atolankhani ankasiya kuyasamula.

Nkhani yawo inali imodzi: amayi. Ufulu wa amayi, sukulu ya ana aakazi, misozi ya amasiye. Mawu awo ena anthu anachita kuwaloweza pamtima: "Dziko limene mayi amaberekera pamsewu lisamadzitchule kuti lili pa ufulu." Mawu amenewo ndinawalemba ine, pa tebulo la kukhitchini, nyemba zili pamoto. Zonse zimene ankalankhula ndinkalemba ndine.

"Amake Sheila, nifuna mapeji atatu pa nkhani ya ana aakazi," ankatero akumanga tayi. "Uikemo vokhudza mtima. Koma uyambe wanipatsa tiyi."

Tsiku lina ndinayesa kuwakumbutsa zomwe ananena dzulo lake, zoti mkazi ali ndi ufulu wogwira ntchito. Anandiyang'ana ngati ndayankhula Chitchaina.

"Kuja ni ku Paliyamenti. Kuno ni kunyumba. Usasokoneze."

2

A Chabala anali ndi mng'ono wawo, Lazarous, yemwe anali ndi puloti ku Kanakantapa. Anali munthu wa khasu, wosadziwa kulankhula pagulu. Iye ndi mkazi wake Olipa analima chimanga, repu ndi tomato mpaka anagula chigayo. Mwezi wa Ogasiti Lazarous anadwala masiku asanu n'kumwalira. Anasiya ana atatu, ndipo Olipa anali ndi mimba yaing'ono imene anali asanauze aliyense.

M'mawa mwake mwa tsiku loika maliro, abale anakhala pansi kuti asankhe woyang'anira katundu wa malemu. Akanasankhanso ndani pamene m'banjamo munali munthu wopanga malamulo? Anasankha ba Onarebo, monga momwe ankawatchulira a Chabala chifukwa cha uphungu wawo. Masana lole inafika.

Inanyamula chigayo, pulawo, pampu yothirira dimba, njinga, bedi, mipando, ngakhale masupuni. Ng'ombe ziwiri zolimira anazikusa wapansi. Olipa anakhala pamphasa atafunda chitenje chakuda, akuyang'ana nyumba yake ikutuluka pakhomo chidutswa chidutswa.

"Mulamu, musaope," anatero a Chabala ndi mawu awo aja a pa wailesi. "Ise sitilanda. Tisunga chabe, kuti ana akakula akapeze vinthu vili bwino."

"Nanga pakali pano ana azadya chani, ba mulamu? Chigayo ndiye chitidyetsa."

"Mwayamba kukamba va chigayo mwamuna wanu asanazizire m'manda? Imwe nkhalani pa puloti. Ni chifundo cha banja. Koma phokoso sitifuna."

Patangotha sabata, mabungwe a amayi anachititsa msonkhano pa hotela ina ku Lusaka, wodzudzula khalidwe lolanda katundu wa amasiye. Mlendo wolemekezeka mwamudziwa kale. Analankhula mpaka amayi anatulutsa mipango. Anati munthu wolanda wamasiye ndi mbala yovala jekete. Anamuveka chitenje paphewa n'kumupatsa dzina loti Mtetezi wa Amayi.

Mawu a tsiku limenelo ndinawatayipa movutikira pang'ono, chifukwa chigayo cha Lazarous chinkasokosa kuseri kwa nyumba yathu.

3

Januwale atafika, mvula ili pakati, bajeti ya dziko inawerengedwa. Ndalama zomangira zipinda zoberekeramo m'zipatala zazing'ono za kumidzi, zimene zinalonjezedwa chaka chapitacho, munalibe. Zogulira magalimoto atsopano a akuluakulu zinalimo, zonse bwinobwino, palibe khobidi lomwe linadwala.

A Chabala anaona mwayi. Anaitana atolankhani n'kulumbira kuti bajeti imeneyo idzadutsa pamtembo pawo. Anati adzapereka pempho loti ndalama za magalimoto zipite ku zipinda za amayi. Aphungu ena ang'onoang'ono anawatsatira, mkangano unakula, ndipo kwa masabata atatu nyuzipepala sizinalembe china. Akuluakulu a chipani chawo anayamba kuimba foni kunyumba, mawu ali ozizira ngati madzi a mumtsuko.

Ndisaname, nthawi imeneyo ndinawakonda amuna anga. Ndinati mwina mawu anga aja awalowa m'magazi. Ndinazungulira zipatala za kumidzi ndekha, kufunsa anamwino ndi azamba. Ndinalemba za amayi amene anafera m'ngolo, mayina awo ndi midzi yawo. Mapeji khumi ndi limodzi. Sindinalembepo chinthu chabwino chotero m'moyo mwanga.

Loweruka lina amayi a mipingo yosiyanasiyana anabwera pa famu ndi ng'oma kudzalimbikitsa mtetezi wawo. Anaimba, anavina, ba Onarebo akugwedeza dzanja pakhonde. Nyimbo zitatha, mayi wina anatuluka pakati pa gulu n'kugwada m'matope. Anali Olipa, mimba itakula, mapazi atatupa.

"Ba mulamu, namvera pa wailesi vamene mukamba. Nati kapena mtima wabwerera. Nipemphako ng'ombe na chigayo chabe. Udzu wanigonjetsa m'munda, na mimba iyi siningakwanitse."

Maso onse anatembenukira pakhonde. Koma munthu sakhala phungu popanda luso. A Chabala anaseka, anatsika pakhonde n'kumudzutsa ndi manja awo.

"Amayi, uyu ni mulamu wanga. Nimusunga ine. Mwaona? Nkhani ya amasiye niidziwa kuchokera m'nyumba mwanga!"

Amayi analuluta. Kenaka anamutengera kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chigayo chake chomwe, ine ndikutsatira ndi kapu ya madzi.

"Ukabwera futi kuzanichititsa manyazi pa anthu, pa puloti paja uzachoka. Wamvera?"

Olipa sanalandire madziwo. Anamanga bwino chitenje chake.

"Nayenda, ba mulamu. Koma tsiku lina anthu azadziwa."

4

Tsiku la mtsutso linafika. Amayi anachita hayala maminibasi awiri kuchokera ku Chongwe, ine ndinakwera nawo. Tinakhala m'mwamba, pamalo a alendo, titavala zitenje zofanana. Kutsogolo kwathu kunali mtsikana wina wa tsitsi logula, dzina lake Wendy, amene a Chabala anamulemba ntchito yowathandiza kufufuza mavuto a amayi. Kufufuzako sindinakuonepo papepala, koma ndinkamva kuti amalimbikira kwambiri.

A Chabala anaimirira. Anatulutsa mapeji anga khumi ndi limodzi, anawayang'ana, anawapinda kawiri n'kuwabwezera m'thumba la jekete.

"Bambo Sipikala," anayamba m'Chizungu, "ndasinkhasinkha mozama. Dziko lathu ndi losauka, ndipo mtsogoleri wanzeru sagwetsa nyumba chifukwa cha chipinda chimodzi. Amayi athu ndi anthu opirira. Ine amene mukundiona pano, amayi anga anandiberekera m'munda wa mapira, koma onani pamene ndafika. Pempho langa ndalibweza."

Aphungu anamenya matebulo. Bajeti inadutsa, ndipo mtembo uja unakhala pansi n'kumwa madzi.

Mayi wina wachikulire amene anakhala pambali panga anandikoka chitenje. Chizungu sankachimva.

"Amake Sheila, akamba chani? Tapambana?"

"Akuti mupirire, amama."

Pobwerera ndinakwera galimoto ya a Chabala. Titadutsa mphambano ya ku bwalo la ndege ndinawatembenukira.

"Anakulonjezani chani?" ndinafunsa.

"Ndale siuzidziwa iwe. Ntchito yako ni kutayipa."

Yankho linabwera lokha patapita masiku anayi. Wailesi inalengeza kuti a Chabala adzatsogolera gulu la aphungu pa ulendo wa masabata atatu kumaiko a ku Ulaya. Cholinga cha ulendowo chinali kukaphunzira momwe anzathu amatetezera ufulu wa amayi.

5

Kutatsala sabata kuti anyamuke, Lolemba m'mawa, anapita kutauni. Isanakwane naini koloko ndinamva galimoto ikubwera ngati ikuthawa moto, ikumwaza matope ndi nkhuku. Analowa m'khitchini osavula nsapato n'kuponya nyuzipepala patebulo.

Pa tsamba loyamba panali zilembo zikuluzikulu: MTETEZI WA AMAYI ANALANDA CHIGAYO CHA WAMASIYE. Nyuzipepalayo inalandira kalata yosainidwa kuti "Mayi Wokhumudwa, Chongwe", ndipo inaisindikiza yonse. Kalatayo inatchula tsiku limene lole inafika, ndi katundu amene ananyamulidwa, chimodzichimodzi. Atolankhani anapitanso okha ku Kanakantapa. Panali chithunzi cha Olipa ataima ndi mimba yake pa simenti yopanda kanthu, pamene panali chigayo. Iye anangowauza kuti, "Kafunseni alamu anga."

"Ni Olipa!" anakuwa a Chabala. "Njoka ija nasunga pa puloti ya m'bale wanga!"

"Olipa Chizungu sachidziwa," ndinatero. "Sukulu analekezera giredi folo."

"Wina anamulembera! Aja a Beijing aja!"

Foni inayamba kulira ndipo sinaleke. Anayendayenda m'khitchinimo, thukuta lili kamukamu, kenaka anaima n'kundiyang'anitsitsa. Anandiyang'ana nthawi yaitali kuposa momwe anandiyang'anirapo zaka zonse za ukwati wathu.

"Nanga nindani wina angadziwe vonse ivi, na masupuni yonse?"

Ndinatsitsa poto pamoto. Ndinapukuta manja.

"Paja anakamba yekha," ndinatero, "kuti tsiku lina anthu azadziwa."

Anagwedeza mutu n'kutuluka.

6

Loweruka lomwelo abale anasonkhana ku Kanakantapa. Anakhala pamipando yobwereka kwa aneba, popeza ya m'nyumbamo inali kwathu. Wotsogolera zokambirana anali amalume awo a Chabala, a Abraham, amene ng'ombe za Lazarous zinkawalimira chaka chimenecho. Mwaona nokha kuti bwalo linali lachilungamo.

Chimanga cha Olipa chinali chitabereka. Anachipalira yekha ndi ana, ndi mimba yomweyo, ndipo chinatsala mwezi umodzi kuti chiume.

"Mwachititsa manyazi banja limene linakusungani," anatero a Abraham. "Vomerani chabe, kapena tingakumvereni chifundo."

Olipa analowa m'nyumba n'kutuluka ndi Baibulo. Analigwira pamimba pake.

"Pali Mulungu, pali mwana uyu, kalata ija sininalembe ndipo sininatume munthu. Aja a nyuzi anangobwera, nawapeza ali pakhomo."

"Manje chithunzi chinadzijambula cheka?" anafunsa a Abraham.

Anthu anaseka. Olipa anayang'ana nkhope imodziimodzi, kenaka maso ake anaima pa ine.

"Amake Sheila, imwe munidziwa. Kambani."

Ndinayang'ana pansi. Panali nyerere zikukoka chiwala chakufa. Ndinaziyang'anitsitsa ngati ndatumidwa kudzaziwerenga.

Anamupatsa masiku awiri. Anachoka Lolemba pa lole ya makala, ana atatu atakhala pamwamba pa matumba, kupita kwa amalume ake kumudzi wina wa mkati ku Nkomeshya. Chimanga chake anakolola a Abraham, kuti chisaonongeke.

Patatha masabata atatu matenda ake anayamba, nthawi isanakwane. Mvula yomaliza inali itadula msewu, galimoto sizinkafika. Anamukweza m'ngolo dzuwa lili pamutu. Mwana anabadwira panjira, pakati pa mudzi ndi chipatala, amayi awiri atatchinga ndi zitenje. Anali wamkazi. Analira kamodzi, mofooka. Pamene ngolo inkafika pachipatala anali atapita. Ndipo ngakhale akanafika msanga, pachipatalapo panalibe chipinda choberekeramo. Panali maziko okha, atamera udzu, akudikira bajeti.

A Chabala atamva, anati munthu wa udindo sasunga mangawa. Anatumiza thumba la ufa ndi kalata yachipepeso. Anandiuza kuti ndiilembe, ndiikemo zokhudza mtima. Ndinailemba.

7

Ku Ulaya sanapite. Dzina lawo linachotsedwa pa ulendowo mwakachetechete. Upampando wa komiti unawachoka mwezi wotsatira, ndipo chisankho chitafika, chipani chinaimika munthu wina. Akuluakulu aja amene anawathandiza kudutsitsa bajeti anaiwala nambala ya foni yathu. Wendy anapita kukafufuza mavuto a amayi mu ofesi ya phungu wina.

Tsopano ndikuuzeni chimene ndalembera nkhaniyi.

Mayi Wokhumudwa wa ku Chongwe uja ndinali ine. Kalata ija ndinaitayipa pa tebulo lomwe lija, ndi zala zomwezi, n'kukaiponya ku positi ku Lusaka tsiku limene ndinanama kuti ndikukagula mankhwala a nkhuku.

Ndikudziwa zimene ena mwa inu mukuganiza. Mukuti mayiyu anali wolimba mtima, anaimira amayi anzake amene anagulitsidwa m'Nyumba ya Malamulo. Musawombe m'manja. Lole itanyamula chigayo sindinalembe kalata. Olipa atagwada m'matope sindinalembe kalata. Mapeji anga atapindidwa, amayi aja n'kubwerera ku Chongwe ndi ng'oma yosalira, sindinalembe kalata. Ndinakwiya masiku anayi basi, mpaka pamene a Chabala anabwera ndi nkhani ya ulendo.

"Amake Sheila, konzeka. Ulendo uno niyenda na iwe. Wasebenza."

Mkwiyo wonse unasungunuka ngati mafuta m'chiwaya. Ine Nelesi wa ku Katete, pandege! Ndinasoka madiresi awiri. Ndinauza amayi onse a kutchalitchi. Za zipinda zoberekeramo ndinati Mulungu adzaona.

Kenaka tsiku lina anabwera ndi nkhope yachisoni. Akuti lamulo lasintha, akazi a aphungu saloledwa, boma likusunga ndalama. Ndinamvetsa. Mawa lake, ndikupukuta jekete lawo, ndinapeza mapasipoti awiri m'thumba la mkati. Ina inali yawo. Inayo nditatsegula, ndinakumana ndi tsitsi logula lija likundimwetulira, chidindo cha ulendo chili kale mkati.

Ndinabwezera mapasipotiwo m'thumba. Ndinakhala pansi n'kulowetsa pepala m'makina. Mawu ankangobwera okha. Za Wendy sindinalembe ngakhale liwu limodzi, chifukwa amenewo akanakhala manyazi anga. Ndinasankha manyazi a Olipa. Sindinaganize n'komwe kuti mkwiyo wa amuna anga udzagwera ndani. Kapena ndinaganiza, koma ndinati adzapirira, si paja amayi athu ndi opirira.

Ndiye pamene a Chabala anandiyang'anitsitsa m'khitchini muja, ndinaona kuti atsala pang'ono kuzindikira. Ndinachita mantha. Ndinatola mawu a Olipa n'kuwaika m'manja mwawo ngati mpeni.

8

Ndinakhala nacho chinsinsicho zaka ziwiri. Ndinkaimba mu kwaya, ndinkaphika, ndinkamvetsera a Chabala akutukwana Olipa nthawi iliyonse akaona mnzawo wakale pa TV. Koma ndikaona mwana wamkazi akuphunzira kuyenda, ndinkawerengera miyezi. Chakudya chinayamba kundikanika. Achipatala anandiyeza zonse osapeza kanthu.

Tsiku lina m'mwezi wa Juni ndinakwera minibasi, ndinatsika pamene msewu wabwino umathera, n'kuyenda wapansi maola awiri. Olipa ndinamupeza kudimba la amalume ake akusankha tomato, wakupsa uku, wosapsa uku. Anali ataonda. Anandilonjera mwaulemu, anandipatsa chidebe kuti ndikhalepo, n'kupitiriza ntchito yake.

"Amake Terrence," ndinamutchula ndi dzina la mwana wake woyamba, "nabwera kuti nikuuzeni chinthu."

"Va kalata?"

Ndinamuyang'ana, iye akupitiriza kusankha tomato.

"Munadziwa?"

"Tsiku lamene inatuluka, a ticha a pa Kanakantapa ananiwerengera na kunimasulira, kawiri. Munalemba chigayo. Munalemba ng'ombe, pulawo, pampu, njinga, bedi, mipando, na masupuni. Koma mashini yanga yosokera simunalembe. Nindani angaiwale mashini? Ni uja chabe amene anainyamula."

Inunso owerenga sindinakuuzeni za makinawo. Mwaona momwe dzanja limazolowerera? Tsiku la lole lija, amuna ali kalikiliki ndi chigayo, ine ndinalowa kuchipinda kwa Olipa. Ndinanyamula makina ake osokera, amene ankasokera mayunifomu a ana a sukulu, n'kuwaika pamiyendo panga kutsogolo kwa galimoto. Ndinati ndikusunga chabe. Madiresi awiri a ku Ulaya aja ndinasokera pa makina omwewo.

"Nanga bwanji simunakambe pa bwalo paja?" ndinafunsa, misozi ikutsika.

"Nikambe kuti ni mkazi wa ba Onarebo? Nindani akananikhulupirira? Nichifukwa chake ninakuitanani na dzina. Ninakupatsani mpata. Imwe munali kuyang'ana pansi."

Ndinagwada pakati pa tomato wake. Ndinapempha chikhululukiro ndi mawu onse okhudza mtima amene ndinkawadziwa. Anandisiya mpaka ndinamaliza.

"Imani, muzaphwanya tomato. Kukamba mudziwa, amake Sheila, tonse tidziwa. Ine sinifuna misozi. Mwana wanga Terrence anzake amutcha mwana wa njoka. Mukakambe pamaso pa aja amene ananipirikitsa. Na ine nikhalepo."

Ndinachita zimenezo pa Khirisimasi, abale onse atasonkhana pa famu, mbale zili m'manja. Olipa anaima pageti, anakana kulowa. Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa mapasipoti mpaka pa makina.

A Chabala anaimirira pang'onopang'ono, mpunga ukugwa pamiyendo.

"Iwe? Ndiwe unanichotsera mpando wanga?"

Kwa ola lathunthu abale anakambirana za mpandowo. Wina anati akanakhala nduna pofika pano. Wina anati mkazi wophunzira ndi tsoka m'nyumba. A Abraham anati iwo ankandikayikira kuyambira kale. Palibe amene anatchula mwana wobadwira m'ngolo. Palibe amene anatembenuka kuyang'ana pageti. Nditafunsa za puloti, ndinauzidwa kuti inagulitsidwa kalekale kwa munthu wina wa ku Lusaka, kuti isaonongeke.

Ndinachoka pa famupo tsiku lomwelo ndi sutikesi imodzi. Makina osokera ndinawanyamula pamutu mpaka pageti. Olipa anawatsegula, anapukusa gudumu kuti aone ngati akugwirabe ntchito, anawasenza n'kumapita. Sitinayendere limodzi.

9

Owerenga anzanga, makamaka inu amayi amene mumakhala kumbuyo kwa amuna otchuka n'kumawasitira mawu pamodzi ndi malaya, ndilibe uphungu wautali. Ndinanena zoona za mwamuna wanga, koma ndinazinena chifukwa cha nsanje, ndipo ndinabisala kumbuyo kwa munthu amene analibe pothawira. Zoona zoterozo zinapha mwana. Mukafuna kuulula choipa, yambani mwafunsa kuti chikaphulika chidzagwera ndani, ndipo pansi pa kalatayo mulembe dzina lanu.

Musadandaule za a Chabala. Ali bwino. Anatsegula bungwe lawo loona za ufulu wa amayi akumidzi, ali ndi ofesi ku Lusaka ndi galimoto yolembedwa m'mbali. Ku Ulaya anafikako, kawiri. Ndimawamva pa wailesi nthawi zina. Mawu awo sakomanso ngati kale, koma anthu amawombabe m'manja.

Ine ndili ndi katebulo pafupi ndi msika wa ku Chongwe, pamene ndimatayipira anthu makalata. Sheila amabwera kudzandiona bambo ake osadziwa. Olipa amabweretsa tomato pamsikapo Lachiwiri ndi Lachisanu, ndipo Terrence wake ali ku sekondale tsopano. Ndimagula kwa iye, sindipita kwa wina. Amandilonjera, amandifunsa za thupi, amandisankhira tomato wabwino ngati kasitomala wina aliyense. Amayi ena onse akagula amawaonjezera kamodzi kapena kawiri pamwamba, mbasela. Ine ndimaima pang'ono thumba lili lotsegula. Iye amaitana wotsatira.